Tifunseni: Mgodi Unatsekedwa mu 1994, Nanga Mtovuwu Ukuchokera Kuti?

Funso

Zikomo akuluakulu a tsamba lino. Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ku Zambia ndipo amakhala ku Kabwe, m'komboni ya Makululu. Mwezi wathawu anandiimbira foni kuti kamdzukulu kanga ka zaka 4 akapezanso ndi mtovu wambiri m'magazi. Sikadya bwino, kamadandaula m'mimba, ndipo kamangolira zilizonse. Chaka chatha anakapatsa mankhwala, akuti nambala inatsika, koma pano yakweranso. Chondizunguza mutu n'chakuti mkamwini wanga akuti mgodi wa kumeneko unatsekedwa kalekale iye ali mwana. Nanga poizoniyu akuchokera kuti? Kodi mankhwalawo ndi achabechabe, kapena pali dzanja la munthu? Ndikuganiza zokamutenga mwanayo adzakhale ndi ine kuno.

*Agogo odera nkhawa, Mchinji*

Yankho

Agogo, ndiyambire kumapeto kwa kalata yanu chifukwa n'kumene kukufunika changu. Ngati mayi ake ndi bambo ake avomera, kamutengeni mwanayo. Mankhwala oyamba a mtovu ndi kumuchotsa mwana pamalo pamene akuumeza, mapiritsi amabwera pambuyo. Koma asanyamuke mwakabisira. Mayi ake akauze achipatala amene akumuona, amalize kaye mankhwala ngati ali pakati pa kumwa, ndipo abwere ndi khadi lolembedwa manambala onse amene anamupeza nawo kuti adzayezedwenso pa nthawi imene adokotala anena. Mukadutsa naye pa Mwami n'kufika kwanu, musayembekeze kuti asintha sabata yomweyo. Zimatenga miyezi.

Za dzanja la munthuzo zichotseni mumtima, palibe amene wamulodza mdzukulu wanu. Mkamwini wanunso sakunama, mgodi wa Kabwe unatsekedwadi mu 1994. Vuto n'lakuti mtovu suwola. Ndowe zimawola, chitsa chimafumbwa, ngakhale mafuta a galimoto otayikira pansi amatha pang'onopang'ono chifukwa m'nthaka muli tizilombo timene timawadya. Koma mtovu ndi chitsulo, mnzake wa mkuwa. Ndi womwe uja umakhala m'kati mwa batire ya galimoto, wotuwa, wolemera, wofewa moti mutha kuukanda ndi chikhadabo. Ukagwera m'dothi umakhazikika momwemo, m'masentimita ochepa a pamwamba, kudikira phazi, tsache kapena mphepo kuti iudzutse.

Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka pamalopo mu 1902, ndipo azungu anatcha malowo Broken Hill, dzina limene linasinthidwa kukhala Kabwe dziko la Zambia litalandira ufulu. Kwa zaka pafupifupi 90 ankakumba ndi kusungunula miyala pamenepo, utsi wa m'ng'anjo ukutera pamadenga, m'minda ndi pamabwalo a anthu. Ng'anjo zitazima panatsala chimulu cha zotsalira zake, matani mamiliyoni angapo, chimene eni dera amachitcha Black Mountain. Chili poyera, chosaphimba. M'chilimwe mphepo imanyamula fumbi lake n'kukalithira ku Kasanda ndi ku Makululu, kumene kuli mwana wanuko. M'dzinja ngalande yochokera kumgodi yakhala ikusefukira n'kusiya matope ake m'makomo a ku Chowa ndi kumunsi kwake. Oyeza dothi anapeza kuti ku Kasanda kilogalamu imodzi imakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 3,000 a mtovu, ku Chowa oposa 1,000. Kuti muone kukula kwa nambala zimenezi, ku America kwa zaka zambiri malire a dothi la pamalo osewerera ana anali 400.

M'magazi mtovu amauwerenga m'mamaikulogalamu, timuyezo tating'ono kwambiri, pa desilita iliyonse, imene ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a lita. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati palibe mlingo wa mtovu umene ndi wosavulaza mwana, koma nambala ikafika 5 pamafunika kufufuza kumene ukuchokera, ndipo ikafika 45 ndi pamene amapereka mankhwala aja anapatsidwa mdzukulu wanu. M'makomboni oyandikana ndi mgodiwo ofufuza anapeza kuti ana oposa 95 pa 100 alionse ali ndi mtovu wokwera, ndipo pafupifupi theka la iwo anafika pa 45 kapena kuposa. Mdzukulu wanu si yekha, ndipo mayi ake asadziimbe mlandu ngati kuti ndi wosasamala.

Mwina mukuti, nanga amaumeza bwanji poti sadya dothi? Amadya, Agogo. Ana onse amadya. Khalani pakhonde mumuyang'ane mwana wa zaka ziwiri kwa ola limodzi lokha. Wagwetsa mbatata yake, watola, wapukutira pakabudula wodzadza fumbi, waponya m'kamwa. Wapita kumasanje, akuphika nsima ya dothi m'kachitini, ndipo wophika aliyense amalawa. Watopa, wagona pansi chala chili m'kamwa. Kuno ku Mchinji zimenezi zimathera pa njoka za m'mimba. Ku Makululu dzanja lililonse lopita kukamwa lanyamula kamtovu, ndipo thupi la mwana limauyamwa kuwirikiza kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu, makamaka m'mimba mukakhala mulibe kanthu. Ukalowa umakafika kuubongo umene ukukula. Kusadya, kupweteka m'mimba, kuchepa magazi ndi kulira zilizonse ndi zizindikiro zooneka. Chosaoneka msanga ndi nzeru zimene zimaphwa, n'kudzaonekera kusukulu mwana akumutcha mbuli.

Chimene chimandiwawa pa nkhani imeneyi n'chakuti ukhondo wathu womwe ndi umene umatembenuka. Mayi wakhama amalawirira m'mamawa kusesa pabwalo mpaka pakhale mbee, popanda ngakhale kaudzu, chifukwa ndiwo ulemu wa pakhomo umene inu munamuphunzitsa mwana wanu. Ku Kabwe tsache lomwelo limadzutsa fumbi la mtovu, khanda lili kumsana likupuma.

Mankhwalawo si achabechabe. Amagwira mtovu umene ukuyenda m'magazi n'kuutulutsa ndi mkodzo. Nambala imakweranso pa zifukwa ziwiri. Choyamba, mwana akamaliza mankhwala amabwerera pabwalo lomwelija, ndiye kuli ngati kumusambitsa n'kumukhazikanso m'matope. Chachiwiri, thupi limausokoneza mtovu ndi kashiamu n'kuusunga m'mafupa ndi m'mano. Kumeneko umakhala zaka makumi, n'kumatuluka pang'onopang'ono kubwerera m'magazi. Ichi chikukhudzanso mwana wanu wamkaziyo. Mayi akakhala ndi pakati thupi limatapa kashiamu m'mafupa ake kuti limange mwana, ndipo mtovu umatuluka nawo limodzi. Akadzaima, chilakolako chija cha kudya dothi la pachulu kapena la pakhoma adzachikanize ndithu, ndipo akauze anamwino a kusikelo kumene amakhala.

Mu 2010, m'chigawo cha Zamfara kumpoto kwa Nigeria, ana osachepera 400 anamwalira chifukwa makolo awo ankapera miyala ya golide m'makomo, osadziwa kuti miyalayo inali yodzadza mtovu. Madokotala a bungwe lothandiza odwala pa nthawi ya mavuto la MSF anaumirira chinthu chimodzi chimene poyamba chinkaoneka ngati nkhanza: mudzi uyambe wayeretsedwa kuti mwana amene walandira mankhwala asabwerere m'fumbi lomwelo. Ndipo kuyeretsako sikunafune makina odabwitsa. Anthu a m'midzi momwemo anapala dothi la pamwamba ndi makasu, masentimita pafupifupi 5, n'kukalikwirira m'maenje okonzedwa kutali ndi nyumba, kenako n'kubweretsa dothi labwino. Imfa za ana zinatsika kwambiri.

Ntchito yoyeretsa dothi imayenda choncho kulikonse. Amayamba ndi kuyeza khomo ndi khomo ndi kamakina kogwira m'manja kooneka ngati mfuti yoseweretsa ana. Amakagunditsa pansi, pakapita mphindi imodzi nambala yatuluka. Pamene papezeka mtovu wambiri amapala dothilo n'kulichotsa, kapena, ngati lapita pansi kwambiri, amayala chinsalu cholimba pamwamba pake n'kuthirapo dothi labwino, kenako kapinga kapena simenti. Chinsalucho n'chizindikiro choti wodzakumba dzenje la chimbudzi mtsogolo adziwe kuti wafika pa dothi loipa. M'nyumba namo amachotsa fumbi, mpaka la pamitengo ya denga. Mabwalo a sukulu ndi misewu yafumbi sazisiya. Koma zonsezi n'kungotaya ndalama ngati gwero likadalipo. Chimulu chiyenera kusalazidwa, kuphimbidwa ndi dongo lotsenderedwa kapena chipepala chochindikala cha pulasitiki, pamwamba pake dothi ndi udzu, kenako mpanda. Kupanda kutero mukukolopa m'nyumba denga likudontha.

Ku Kabwe ntchito yachitikapo, tisaname. Panali pulojekiti ya ndalama za World Bank kuyambira 2003 mpaka 2011. Mu Disembala 2016 banki yomweyo inavomereza ngongole ina ya madola 65.6 miliyoni ya Kabwe ndi matauni ena a migodi ku Copperbelt. Ana ambiri anayezedwa ndi kulandira mankhwala, ngalande ija inakonzedwa, ndipo m'mabwalo ena anayalamo timiyala ta simenti. Koma chimulu chija sichinaphimbidwe. M'malo mwake anyamata amakumba momwemo kufunafuna zoti agulitse, ndipo malole amatuta zotsalirazo kupita nazo kokayenganso zinki ndi mtovu, fumbi likutsalira m'njira. Anyamatawo sindiwanyoza. Munthu amene ana ake agona ndi njala sungamuuze za matenda odzaoneka zaka zisanu zikubwerazi. Amene ndikuwaloza chala ndi akuluakulu amene anasankha kuyambira kumabwalo a anthu, kumene zithunzi zimaoneka bwino, n'kusiya phirilo lili chilili.

Za chipukuta misozi, mu Okutobala 2020 maloya anakasuma ku khoti la ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi pafupifupi 140,000 a ku Kabwe. Akusumira kampani ya Anglo American ya ku South Africa, imene inali ndi gawo mu mgodiwo kuyambira 1925 mpaka 1974. Kampaniyo ikukana mlanduwo, ikuti siinali mwini mgodi ndipo kwa zaka 20 zomaliza unali m'manja mwa kampani za boma. Mu Disembala 2023 khotilo linakana kuti mlanduwo uzengedwe ngati wa gulu, ndipo odandaulawo anachita apilo. Milandu yotere imamera imvi m'khoti. Mdzukulu wanu sangaidikire.

Tsono kwa otsala ku Makululuwo, mukamuimbira foni mwana wanu mumuuze izi. Asasese pouma, ayambe wawaza madzi, ndipo m'nyumba azikolopa ndi chisanza chonyowa. Pabwalo alole kapinga amere, anthu aseke ngati akufuna. Khanda lizikhala pamphasa. Ana azisamba m'manja ndi sopo, madzi ochita kuthira osati a m'beseni limodzi, asanadye chilichonse, ngakhale chitumbuwa kapena mango. Asatuluke kukasewera m'mimba muli gwa, kaphala ka m'mawa kamachepetsa mtovu umene thupi lingayamwe, ndipo kapenta wodya ndi minga yomwe, mkaka, nyemba ndi mazira zimathandizanso chifukwa thupi lokhuta kashiamu ndi ayironi silithamangira mtovu. Masamba a padimba la pakhomo awatsuke kwambiri, kapena bwino adzale m'matumba a dothi lochokera kutali. Nkhuku zoyendayenda zimatola mtovu pojompha pansi ndipo umaunjikana m'chiwindi, choncho za m'kati mwake asapatse ana. Dothi kapena miyala ya kumgodi asaumbire njerwa kapena kukwirira nayo mayenje pakhomo, ngakhale ikhale yaulere. Ngati mkamwini wanu amagwirako ganyu kuchimuluko, zovala ndi nsapato azivulira panja ndipo asambe asananyamule mwana.

Simunanene ngati pakhomopo pali ana ena. Ngati alipo akayezedwe onse, ngakhale amene akuoneka athanzi.

Funso

Zaka zitatu zapitazo ndinagula puloti kumunsi kwa mpanda wa fakitale ina imene inatsekedwa. Akuti ankapanga zinthu zachitsulo ndipo anali ndi thanki yawoyawo ya mafuta. Popeza mpopi sunafike, ndinakumbitsa chitsime cha mamita 9. Chaka choyamba madzi anali bwinobwino. Pano akununkha ngati palafini, ndipo akagona m'ndowa m'mawa pamwamba pamaoneka mitundu ngati utawaleza. Akazi anga amawiritsa ndi kuthira WaterGuard. Amene anagula fakitaleyo akuti iye anagula nyumba zokha, za pansi sizikumukhudza. Mnzanga wina akuti ndikape madzi onse katatu ndi kuthiramo laimu, zitha. Kodi n'zoona?

*Bambo wa ana atatu, Blantyre*

Yankho

Bambo, lekani kumwa madziwo lero, musadikire kuti ayezedwe. Musaphikire, ndipo ana asasambe. Mphuno yanu yayeza kale, ndipo muyamike kuti poizoni wanuyu ndi wonunkha, chifukwa alipo ena oopsa amene samveka fungo kapena kukoma.

Kuwiritsa ndi WaterGuard n'zothana ndi zamoyo, tizilombo ta kolera, kamwazi ndi taifodi. Mafuta si amoyo, simungawaphe. Mukawiritsa, ena amauluka ndi nthunzi, ndiye mayi a kunyumba amene aweramira poto ndi amene akuwapuma. Zitsulo monga mtovu zimatsalira m'poto momwemo, madzi akamaphwera izo n'kumachulukana. M'petulo muli benzene, amene amayambitsa khansa ya m'magazi, ndipo malire ake a WHO m'madzi akumwa ndi mamaikulogalamu 10 pa lita. Kunena kwina, kasupuni ka tiyi kamodzi ka benzene n'kokwanira kuipitsa migolo yoposa 2,000 ya malita 200.

Ambiri amaganiza kuti pansi pa nthaka pali mitsinje yothamanga. Ine ndakumba mijigo zaka zambiri, ndipo chimene ndakhala ndikupeza ndi madzi okhala m'timipata ta mchenga ndi m'ming'alu ya miyala, ngati m'chinkhupule. Amayenda kutsetsereka kulowera kudambo, koma mwaulesi, masentimita ochepa patsiku, akafulumira mita imodzi. N'chifukwa chake chaka choyamba munamwa madzi abwino. Mafutawo anali ali m'njira. Ndipo ndowa iliyonse imene mumatunga imakokera madzi a m'mbali kubwera kuchitsime chanu, kuphatikizapo a kuseri kwa mpandawo.

Nthawi ina ndinatumidwa kumalo ena osungirako mafuta, sinditchula dzina, kumene mjigo wa anthu oyandikana nawo unayamba kununkha. Eni malowo analumbira kuti thanki yawo ilibe vuto. Tinaboola timijigo tinayi tating'ono tongoyezera, kuzungulira thankiyo. Pa kachitatu ndinatsitsa pachingwe kachubu koonekera m'kati. Katatuluka, pansi panali madzi oyera bwino, pamwamba pake dizilo wachikasu wokwana zala zinayi, mzere wolekanitsa ziwirizi uli wowongoka ngati wolemba ndi lula. Woyang'anira malowo anakanyamula kachubuko n'kukayang'ana padzuwa nthawi yaitali osayankhula, kenako anandifunsa chapansipansi ngati m'lipoti ndingalembe kuti ndi pang'ono. Thankiyo itafukulidwa inali ndi kabowo ka dzimbiri kongolowa msomali basi. Kanali katadontha zaka.

Dizilo, petulo ndi palafini n'zopepuka, zimayandama pamwamba pa madzi a pansi, ndipo m'dzinja madzi akakwera zimakwera nawo n'kupaka dothi lonse la pakatipo. Chimene chikundidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi mawu oti zinthu zachitsulo. Mafakitale otero kale ankatsuka girizi pazitsulo ndi mankhwala monga trichloroethylene. Ameneyu ndi wolemera kuposa madzi. Sayandama, amamira, n'kulowa m'ming'alu ya thanthwe kumene palibe fosholo ingamupeze, ndipo amakhala kumeneko akusungunuka pang'onopang'ono kwa zaka makumi.

Kuyeretsa kwenikweni kumayambira pa gwero. Thanki ifukulidwe, mapaipi ake achotsedwe, dothi lonse lonyowa mafuta likumbidwe. Dothi la dizilo lili ndi mwayi, amaliyala pa chipepala cha pulasitiki kapena pa konkire, kulisakaniza ndi manyowa, kuliwaza madzi ndi kumalitembenuza ngati kompositi, ndipo pakapita miyezi tizilombo ta m'nthaka timakhala titadya mafuta ambiri. Dothi la zitsulo tizilombo sitilidya. Limenelo amalisakaniza ndi simenti kapena laimu kuti zitsulozo zimangike, kapena amakalitaya kumalo okonzedwa mwapadera. Akatero amayengula mafuta oyandama aja, kenako amapopa madzi oipawo n'kuwadutsitsa m'matanki a makala opangidwira ntchito imeneyi, osati a pambaula, kapena m'nsanja imene amauziramo mpweya kuti mankhwala ouluka achoke. Timijigo toyezera tija timatsala, ndipo pakapita miyezi ingapo iliyonse amabwera kudzatunga kuti aone ngati nambala zikutsika komanso ngati poizoniyo sakufalikira kwa anzanu akumunsi.

Nzeru ya mnzanu ya kukapa katatu ikundikumbutsa chigubu chimene munasungiramo palafini. Mwachitsuka ndi sopo, mwachitsukanso ndi phulusa, mwachiyanika padzuwa, koma mukathiramo madzi n'kugona, m'mawa akununkhabe. Dothi limagwira mafuta chimodzimodzi. Mukapopa madzi amayera masiku angapo, mukasiya fungo labwerera. Makampani a ndalama zawo amapopa zaka 10, 20, nambala zikutsika mwa kamba. Laimu amene akunenayo sachita kanthu pa palafini.

Ku Bhopal, m'dziko la India, anthu amakumbukira usiku wa pa 2 Disembala 1984 pamene mpweya wa poizoni wochokera mu fakitale ya Union Carbide unapha anthu masauzande. Chimene sichikambidwa kwambiri n'chakuti zonyansa zimene fakitaleyo inkathira m'maiwe ake ngoziyo isanachitike zinalowa pansi n'kuipitsa mijigo ya makomboni ozungulira. Mu 2004 khoti lalikulu la dzikolo linalamula boma kuti liwapatse anthuwo madzi ena akumwa. Matani 337 a zinyalala za poizoni zimene zinali m'fakitalemo anachotsedwa mu Januwale 2025, patapita zaka 40, ndipo zimenezo n'zimene zinali zolongedza kale. Dothi ndi madzi a pansi zoipitsidwazo zikadali pomwepo.

Choncho ndikuuzeni mosapsatira, n'kutheka kuti chitsime chimenechi simudzamweranso. Ndalama zanu ziloze ku mpopi kapena kukatunga kukiyosiki. Koma musachikwirire. Chiphimbeni, muchikhome ndi loko, chifukwa ndiwo umboni wanu. Yendani kwa anzanu oyandikana nawo, makamaka akumunsi, mufunse ngati zitsime zawo zasintha, ndipo mulembe kalata imodzi yosainidwa ndi nonse. Ipite ku ofesi ya zaumoyo ya khonsolo ya mzinda komanso ku MEPA, bungwe loteteza zachilengedwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2017. Kope lanu alidinde, mulisunge.

Pokayezetsa madzi, kaya ku Malawi Bureau of Standards konko ku Blantyre kaya ku labotale ya madzi ya boma ku Lilongwe, samalani chinthu chimodzi. Kuyeza kwa masiku onse kumafufuza tizilombo ndi mchere, ndiye mutha kulandira pepala loti madzi ndi abwino pamene za mafuta sanayang'ane n'komwe. Nenani poyera kuti kumtunda kwanu kunali fakitale ya zitsulo ndi thanki ya mafuta, mukufuna ayeze mafuta, mankhwala otsukira girizi ndi zitsulo, ndipo ngati zina alibe makina ake akuuzeni kumene amatumiza. Botolo likhale lagalasi lochokera kwa iwo, lodzadza mpaka kukamwa popanda kathovu ka mpweya, lisungidwe mu ayezi ndipo lifike tsiku lomwelo. Chabwino koposa n'chakuti adzatunge wa boma yekha, kuti wina asadzanene kuti munathiramo nokha palafini.

Za mwini watsopanoyo, mfundo ya lamulo ndi yoti woipitsa ndiye alipire, ndipo zoti woipitsa ndani pakati pa wakale ndi watsopano akakangane maloya. Koma ngati thankiyo ikadali pansi ikudontha, ikudontha m'malo ake, ndipo makiyi a pageti ali ndi iyeyo. Pemphani m'kalata yanuyo kuti akuluakulu akaone ngati inafukulidwa.

Funso

Ndimakonza mabatire a sola ndi a galimoto kuseri kwa nyumba. Otheratu ndimawaswa, mtovu ndimasungunula pambaula n'kugulitsa, asidi ndimathira m'dzenje la zinyalala. Mkazi wanga akuti ndisiye chifukwa ana amasewera pomwepo. Ine ndikuona kuti akukokomeza, poti ndachita zimenezi zaka zisanu osadwala.

*Mnyamata wodzidalira, Lunzu*

Yankho

Achimwene, mverani mayi a kunyumba. Werengani yankho la Agogo a ku Mchinji pamwambapa, chifukwa mukumanga Kabwe wamng'ono kuseri kwa nyumba yanu. Inu simunadwale chifukwa ndinu wamkulu ndipo simukwawa. Ku Thiaroye-sur-Mer, kunja kwa mzinda wa Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa kumapeto kwa 2007 ndi kumayambiriro kwa 2008 chifukwa cha ntchito yomweyi, yoswa mabatire ndi kusefa mtovu m'makomo.

Kukonza mabatire pitirizani, koma pamalo a simenti, otchinga, kutali ndi ana. Kuswa ndi kusungunula lekani. Batire yotheratu igulitseni yathunthu, asidi ali momwemo, kwa ogula amene amatumiza kumafakitale. Phindu lichepa, ndikudziwa. Mbaula ndi chiwaya chimene mwakhala mukusungunulira zisalowenso kukhitchini. Pamene mwakhala mukugwirira ntchitopo wazanipo madzi, palani dothi la pamwamba ngati zala zinayi, mulilongedze m'matumba olimba n'kufunsa a zaumoyo kumene mungakalitaye, osati kudimba kapena mumtsinje wa Lunzu, kenako muthirepo dothi lina ndi simenti. Dzenje la asidilo mulitseke, ndipo ngati pafupi pali chitsime chikayezedwe. Anawo mupite nawo kuchipatala, ndipo mukamuuze dokotala ntchito imene mumagwira, chifukwa mukangonena kuti mwana akumva m'mimba akakupatsani mankhwala a njoka n'kukubwezani.